Kuchotsa Chipale ndi Kusamalira Ziweto pa Famu M'nyengo Yozizira ku Canada

Malangizo awa ndi a munthu amene wayamba ntchito pa famu ya ng'ombe m'zigawo za Manitoba, Saskatchewan kapena Alberta m'dziko la Canada, kumene chipale chofewa chimagwa mu Novembala n'kukhala pansi osasungunuka mpaka kumapeto kwa Malichi, mwinanso mpaka mu Epulo. Kumeneku si zachilendo kuti mu Januwale kuzizire kufika pa -30°C, ndipo chakumapeto kwa Disembala dzuwa limaoneka kwa maola pafupifupi 8 okha mumzinda wa Winnipeg, moti ntchito ya m'mawa ndi ya madzulo imagwiridwa mumdima. Amene kuzizira kwakukulu kumene akukudziwa ndi kwa ku Dedza kapena ku Nyika mu Juni ndi Julayi avomereze msanga kuti zimene thupi lake linazolowera sizingamutsogolere kuno, choncho azitsatira dongosolo m'malo modalira mmene akumvera.

Chipale cha m'zigawozi nthawi zambiri chimakhala chouma ndi chopepuka, ndipo sichigwa chochuluka ngati ku Quebec kapena kugombe la nyanja ya Atlantic. Chimene chimavutitsa alimi ndi mphepo. Dziko ndi lathyathyathya ndipo mitengo ndi yochepa, kotero chipale cha masentimita 10 okha chikhoza kusonkhanitsidwa usiku umodzi n'kutseka khomo la khola mpaka m'chiuno. Mphepo imanyamula chipale pamene ikuthamanga n'kuchitula pamene yachepa mphamvu, monga mmene mtsinje umatulira mchenga pokhota. Imachitula kuseri kwa nyumba, kuseri kwa mpanda, kuseri kwa galimoto yoimika, ngakhalenso kuseri kwa mulu umene inu eni munaunjika dzulo. Chifukwa cha ichi, funso lofunika pa sitepe iliyonse ndi lakuti chipale mukuchisunthacho mphepo idzachita nacho chiyani mawa, ndiponso madzi ake adzalowera kuti chikadzasungunuka.

Chipale chisanagwe

Ntchito yoyamba ichitike mu Okutobala nthaka isanaume. Yendani bwalo lonse la famu ndi msewu wolowera mukutola chilichonse chimene chili pansi, monga matcheni, zidutswa za matabwa, waya, zingwe zomangira mabelo, mapaipi a labala ndi miyala ikuluikulu. Chinthu chooneka chosaopsa lero chidzakwiririka, ndipo mudzachipeza mu Januwale chitakulungika m'makina oulutsira chipale, inu muli pamphepo zala zitachita dzanzi. Mukamaliza kutola, khomani timitengo tataliatali ta mtundu wowala m'mbali mwa msewu, pakamwa pa makalavati, pachitsime, pamipope ya madzi ndi pafupi ndi matanki a gasi. Chipale chikadzaza ngalande, msewu ndi ngalande zimaoneka zofanana, ndipo woyendetsa thirakitala amazindikira malire tayala litalowa kale.

Kenako sankhani malo ounjikirapo chipale, ndipo gwirizanani ndi mwini famu chipale choyamba chisanagwe. Mphepo yozizira kwambiri imakonda kuchokera kumpoto chakumadzulo, choncho milu ikhale mbali ya kum'mwera kapena kum'mawa kwa msewu ndi makomo, kuti chimene chidzaunjikane kuseri kwake chisagwere pamene mumayenda. Ikhalenso kumunsi kwa makola, kwa chitsime ndi kwa malo osungira zakudya za ziweto. Ikaninso zizindikiro pamene padutsa mapaipi a madzi pansi ndi pamene pali zonyamula madzi oipa a kuchimbudzi, ndipo pamenepo musayendetsepo thirakitala nyengo yonse. Chipale chosapondedwa chimafunditsa nthaka, koma chopondedwa chimalola kuti kuzizira kulowe pansi kwambiri. Ku Manitoba mapaipi a madzi amakwiriridwa pafupifupi mamita 2.4 pansi, komabe amene amaundana koyamba ndi amene ali pansi pa msewu wopondedwa.

Pamene msewu uli pamtetete, imikani mpanda wotchinga chipale. Mpanda wabwino umakhala ndi mipata pafupifupi theka la kukula kwake, ndipo pansi pake mumasiya kampata kakang'ono kuti usakwiririke msanga. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kuuimika pafupi ndi msewu poganiza kuti ndi khoma. Mpandawu ntchito yake ndi kuchepetsa liwiro la mphepo kuti chipale chigwe kuseri kwake, ndipo mulu umene umapangika ukhoza kutalika maulendo 35 kutalika kwa mpandawo. Mpanda wa mamita 1.2 uyenera kukhala pafupifupi mamita 40 kuchokera pamsewu, mbali imene mphepo imachokera. Mafamu akale ambiri ali ndi mizere ya mitengo imene imagwira ntchito yomweyi. Nazale ya boma ya ku Indian Head ku Saskatchewan, imene inayamba mu 1901, inagawa kwa alimi mbande zoposa 600 miliyoni kufikira pamene ntchitoyo inathetsedwa mu 2013. Famu imene ili ndi mizere yotereyi ya mitengo ya mtundu wa caragana kapena spruce ili ndi mwayi, ndipo mlimi amene amaizula pofuna kukuza munda amalipira ndi dizilo m'nyengo zonse zozizira zotsatira.

Makina nawo akonzedwe nthawi ikadalipo. Dizilo wa m'chilimwe amayamba kukhuthala kukazizira kwambiri, chifukwa phula limene lili mkati mwake limaundana n'kutseka sefa ya mafuta, choncho thanki ikhale ndi dizilo wa nyengo yozizira, ndipo sefa yapadera ikhale pafupi. Muzidzaza thanki ya thirakitala madzulo kuti mkati musachite mame amene pambuyo pake amaundana. Yesani chotenthetsera injini chamagetsi chimene anthu amachitcha block heater, pamodzi ndi nthambo yake, chifukwa thirakitala ya dizilo imene sinalumikizidwe kumagetsi kwa maola awiri kapena anayi siilira pa -30°C. Batire lofooka lisinthidwe, pakuti kuzizira kumachepetsa mphamvu ya batire pa nthawi yomweyo imene oyilo wakhuthala, ndipo batire lopanda moto likhoza kuundana n'kung'ambika. Matcheni a matayala amangidwe tsiku labwino pamalo osalala.

Jenereta iyesedwe polumikiza katundu weniweni amene idzayendetse, monga mpope wa chitsime, makina okamira mkaka ndi thanki yoziziritsira mkaka. Mu Januwale 1998, mvula youndana inagwa masiku angapo kum'mawa kwa Ontario ndi ku Quebec n'kugwetsa nthambo ndi nsanja za magetsi, ndipo madera ena anakhala milungu ingapo opanda magetsi. Alimi a ng'ombe za mkaka amene analibe jenereta sanathe kukama kapena kumwetsa ziweto, ndipo mkaka wambiri unatayidwa. Pomaliza, sendezani mabelo a udzu wouma ndi mapesi a tirigu okwanira masiku angapo pafupi ndi makola, kuti chimphepo chikatseka njira ya kumalo osungira zakudya ziweto zisagone ndi njala.

Kavalidwe ndi chitetezo cha thupi

Musanatuluke m'mawa uliwonse, onani nambala ya wind chill, imene imaphatikiza kuzizira ndi liwiro la mphepo. Malinga ndi bungwe la boma la Environment and Climate Change Canada, nambalayi ikakhala pakati pa -28 ndi -39 khungu losaphimba likhoza kuundana m'mphindi 10 mpaka 30, ndipo ikakhala pakati pa -40 ndi -47 mphindi 5 mpaka 10 n'zokwanira. Valani zovala zingapo zosanjikiza m'malo mwa chijasi chimodzi chachikulu. Chamkati chikhale cha ubweya wa nkhosa kapena cha nsalu imene siisunga thukuta, chapakati chikhale chofunda, ndipo chakunja chikhale chotchinga mphepo. Pewani thonje pafupi ndi khungu chifukwa likanyowa ndi thukuta limazizira ndipo siliuma. Pogwira ntchito ya mphamvu vulani chimodzi musanayambe kutuluka thukuta, n'kuchivalanso mukakwera thirakitala.

Magolovesi opanda zala, amene zala zinayi zimakhalira pamodzi, amafunda kuposa a zala, ndipo ndi bwino kukhala ndi ena ouma m'thumba la mkati chifukwa ntchito ya madzi imanyowetsa. Nsapato zisathine, pakuti phazi lopanikizika ndi masokosi ambiri limazizira msanga kuposa lomasuka. Musagwire chitsulo ndi dzanja lopanda kanthu, ndipo samalani pothira mafuta, chifukwa petulo kapena dizilo amene wakhala panja pa -30°C amakhalabe wamadzi koma akagwera pakhungu amaliumitsa nthawi yomweyo. Ngati mukugwira ntchito awiri, muziyang'anana kumaso. Tsaya kapena mphuno imene yasintha mtundu, yalimba ndipo sikumva kukhudza ndi chizindikiro choti mulowe m'nyumba. Pakhungu lakuda kusinthaku sikuoneka msanga ngati mmene mabuku ambiri amafotokozera, choncho dalirani kwambiri dzanzi ndi kulimba kwa khungu. Malo oundanawo musawatikite, musawapake chipale ndipo musawaothetse pamoto. Aviikeni m'madzi ofunda a pakati pa 37°C ndi 39°C, ndipo pitani kuchipatala ngati patuluka matuza. Mnzanu amene akunjenjemera kwambiri, akulankhula mododoma kapena akusokonezeka maganizo alowetsedwe pofunda, avulidwe zonyowa ndipo muitane thandizo. Mowa suthandiza, umangochititsa thupi kutaya kutentha mofulumira.

Chimphepo chikafika

Boma limachenjeza za chimphepo cha chipale pamene likuyembekezera mphepo ya makilomita 40 pa ola kapena kuposa, yochititsa kuti munthu asaone kupyola mamita 400, kwa maola anayi kapena kuposa. Chenjezo likaperekedwa, dyetsani ziweto mokwanira, yalani mapesi ochuluka, sunthani ng'ombe zipite kuseri kwa chotchinga mphepo, ndipo ikani thirakitala pamalo amene idzatulukire mosavuta italoza kukhomo. Fosholo imodzi ikhale mkati mwa nyumba ndipo ina mkati mwa khola, chifukwa imene yatsamira panja imakwiririka.

Chimphepo chili mkati musalime msewu pokhapokha ngati pali ngozi, pakuti njira yolimidwa mphepo ikuomba imadzaza pasanathe ola ndipo chipale chachiwiricho chimakhala cholimba kuposa choyamba. Ngati n'kofunika kupita kukhola, uzani wina, tengani foni m'thumba la mkati kuti batire lisafe, ndipo tsatirani mpanda. Alimi akale ankamanga chingwe kuchokera pakhomo la nyumba mpaka pakhola chifukwa anthu ankasochera n'kufera pabwalo pawo pomwe, ndipo pa famu imene khola lili patali nzeru imeneyi idakali yothandiza. Galimoto ikatitimira panjira, khalani momwemo, onetsetsani kuti paipi yotulutsa utsi sinatsekeke, ndipo muzilizako injini mwa apo ndi apo zenera litatsegulidwa pang'ono. Jenereta ikhale panja, kutali ndi mazenera, chifukwa mpweya wa carbon monoxide, umene umakhala mu utsi wake, sununkha ndipo umapha anthu ali m'tulo.

M'mawa wotsatira: madzi ndi chakudya

Mphepo ikaleka, mtima umafuna kuthamangira pathirakitala, koma msewu ukhoza kudikira. Yambani ndi kufukula mapaipi otulutsa utsi wa chotenthetsera nyumba ndi mabowo olowetsa mpweya m'khola. Lumikizani thirakitala kumagetsi ngati sinalumikizidwe, ndipo pamene injini ikufunda pitani wapansi kukaona madzi.

Madzi ndiwo amavutitsa kwambiri m'nyengoyi, ndipo ng'ombe imene sinamwe imaleka kudya, ikaleka kudya imazizidwa. Ng'ombe ya nyama yosayamwitsa imamwa malita 25 mpaka 40 patsiku, pamene ya mkaka imene ikukamidwa ikhoza kumwa malita 100. Pachomwera chilichonse musangoyang'ana, koma kanikizani choyandama chimene chimatsegula ndi kutseka madzi kuti muone ngati madzi akubweradi. Ngati ng'ombe zaunjikana pachomwera koma sizikumwa, kapena zikunyambita madzi n'kudzidzimuka, ganizirani kuti mwina chotenthetsera madzi cha m'chomweramo chikutulutsa magetsi m'madzi. Zimitsani magetsiwo ndipo itanani wodziwa ntchito yake. Madzi oundana a pamwamba muwaswe n'kuwachotsa, chifukwa zidutswa zikasiyidwa momwemo zimagwirizananso msanga, ndipo muzitaye kutali ndi pamene ng'ombe zimaima.

Mipope ya pabwalo ya m'maderawa inapangidwa mwakuti chotsekera chake chili pansi kupyola pamene nthaka imaundana, ndipo mukatseka, madzi otsala mumpope amatsikira pansi. Ukatsekedwa paipi ya labala idakali yolumikizidwa, madziwo satsika ndipo mpope umaundana. Choncho nthawi iliyonse chotsani paipiyo, ikhutuleni poikweza kuyambira mbali imodzi mpaka inayo, n'kuisunga pofunda. Paipi youndana muisungunule ndi madzi otentha, nsanza zotentha kapena chowumitsira tsitsi, kuyambira kumpope kubwerera m'mbuyo, mpope uli wotsegula. Musagwiritse ntchito lawi la moto m'khola. M'khola muli mapesi, fumbi ndi matabwa ouma, ndipo ozimitsa moto amachedwa kufika misewu ikatsekeka.

Mudzamva alimi ena akunena kuti ng'ombe zawo zimadya chipale m'malo mwa madzi, ndipo n'zoona kuti ng'ombe zazikulu zathanzi zimene zinazolowera zimatha kutero ngati chipale n'chofewa, choyera ndi chochuluka. Koma malamulo a kasamalidwe ka ng'ombe za nyama a ku Canada a mu 2013 salola kuti chipale chikhale madzi okha a ng'ombe zoyamwitsa, za ana ongosiyitsidwa kumene kuyamwa, kapena za ng'ombe zowonda. Chipale chikachita chikhakha cholimba pamwamba, ng'ombe zipatsidwe madzi tsiku lomwelo. Pamadamu a pafamu musalole ziweto kuyenda pamadzi oundana, chifukwa zikaunjikana pabowo limodzi madzi oundanawo amasweka.

Pa chakudya, kumbukirani kuti ng'ombe imadzitenthetsa ndi zimene yadya. Ya ubweya wokhuthala ndi wouma imayamba kufuna mphamvu zowonjezera kukazizira kupyola cha m'ma -8°C, ndipo alangizi amawerengera kuti digiri iliyonse yotsika kuchokera pamenepo imafuna mphamvu zowonjezera pafupifupi 2 peresenti. Ubweya ukanyowa kapena ukamata ndowe chitetezo chimatha, moti ng'ombe imazizidwa ngakhale kusanafike pa ziro. Zimenezi zinaoneka ku South Dakota m'dziko la America kumayambiriro kwa Okutobala 2013, pamene mvula inanyowetsa ng'ombe zimene zinali zisanamere ubweya wa nyengo yozizira, kenako n'kubwera chipale ndi mphepo, ndipo ng'ombe zikwi makumi angapo zinafa. Ng'ombe imene ili ndi chipale chosasungunuka pamsana musaimvere chisoni, chifukwa zikusonyeza kuti ubweya wake ukusunga kutentha. Yodetsa nkhawa ndi imene yaima payokha, yakhotetsa msana ndipo siikubzikula. Wonjezerani udzu wabwino, koma chakudya cha njere muzichiwonjezera pang'onopang'ono kuti chisawononge mimba. Podula belo chotsani zingwe ndi ukonde wonse ngakhale utamatirira ndi madzi oundana, pakuti ng'ombe zimameza pulasitiki ndipo imaunjikana m'mimba.

Kutsegula njira ndi thirakitala

Injini ikalira, isiyeni ifunde kwa mphindi zingapo, kenako kwezani ndi kutsitsa chibekete cha kutsogolo pang'onopang'ono kuti oyilo wa mapaipi ake afewe. Pukutani magalasi onse ndi nyali, mangani lamba, ndipo onetsetsani kuti ana ndi agalu ali m'nyumba. Tsegulani kaye njira ya kumakola ndi kumalo osungira zakudya, kenako msewu wopita kumsewu wa boma. Pa famu ya mkaka, galimoto yotenga mkaka imabwera tsiku lililonse lachiwiri, ndipo imafuna malo otakata okhotera komanso pothira mchenga pafupi ndi nyumba ya thanki ya mkaka.

Pa chipale choyamba cha chaka, kankhirani milu kutali kwambiri kuposa mmene zikuonekera kuti n'zofunika. Mulu wa mu Novembala umalimba ngati mwala pofika Januwale, ndipo chipale chilichonse chotsatira chimaunjikidwa kutsogolo kwake, moti amene anaunjika pafupi amapeza mu Febuluwale kuti bwalo lachepa ndipo thirakitala ikulephera kukhota. Pamsewu wa miyala musapale mpaka pansi ulendo woyamba. Siyani masentimita ochepa kuti apondeke n'kulimba, apo ayi mpeni wa thirakitala, chitsulo chokankhira chipale, udzakokolola miyala n'kuitaya paudzu, ndipo mudzaitola ndi manja mu Meyi.

Mpeni wokankhira umagwira ntchito mofulumira koma umasiya zitunda m'mbali mwa msewu, ndipo zitundazo zimasandutsa msewu kukhala ngalande imene mphepo imadzaza mpaka pamlingo wa zitundazo. Chifukwa cha ichi, pamsewu wautali wa pamtetete makina oulutsira chipale ndi abwino kuposa mpeni, ngakhale amachedwa, chifukwa amachimwaza kutali osasiya khoma. Ngati muli ndi mpeni wokha, kankhirani chipale chonse mbali imene mphepo ikulowera, ndipo zitunda muziphwanye kuti zikhale zotsetsereka. Poulutsa, yambirani mbali imene mphepo ikuchokera ndipo lozetsani chotulutsira kumene ikupita, kutali ndi mazenera, magalimoto, ziweto ndi anthu, chifukwa mwala ukalowa umatuluka ngati chipolopolo. Musatayire chipale pamsewu wa boma.

Makina oulutsira akatsekeka, zimitsani PTO, mtsulo wa thirakitala umene umazungulitsa makinawo, tsitsani makinawo pansi, zimitsani injini, chotsani kiyi ndipo dikirani mpaka zonse zitaima. Chotsani chotsekacho ndi mtengo, osati ndi dzanja kapena phazi, chifukwa ngakhale injini itazima mapiko amatha kukhala atakanikizika ndipo amazungulira mwadzidzidzi chotsekacho chikachoka. Makinawa ali ndi bawuti yopangidwa kuti ithyoke akagunda chinthu cholimba. Ikathyoka ikaninso ya mtundu womwewo, pakuti bawuti yolimba kwambiri imapulumuka yokha n'kuwonongetsa magiya. Ponyamula chipale kapena belo, limene likhoza kupitirira makilogalamu 500, chibekete chikhale chotsika pamene mukuyenda, ndipo potsetsereka muzikwera ndi kutsika molunjika m'malo modutsa cham'mbali.

Fosholo imatsalira pamakomo, pazipata ndi pamodyera. Fukulani chipata chilichonse mpaka chitseguke chonse, chifukwa chimene lero chikutseguka theka mawa chidzamatirira pansi. Kankhani chipale m'malo mochinyamula pamene zingatheke, pindani mawondo, ndipo potaya tembenukani ndi mapazi osati chiuno. Ntchitoyi imalemetsa mtima kwambiri pamene kuzizira kwapanikiza kale mitsempha, choncho amene akumva kupweteka pachifuwa, befu kapena chizungulire aleke ndipo aitane thandizo. Poterera, mchere wamba umathandiza kufika cha m'ma -10°C basi, ndipo kukazizira kuposa apo umangokhala pamwamba. Mchenga, phulusa kapena utuchi n'zodalirika pamene ng'ombe zimadutsa, ndipo ndi bwino kuthira ziweto zisanatuluke, chifukwa ng'ombe ya bere imene yatambasuka miyendo pamadzi oundana nthawi zambiri siidzukanso.

Madenga, ana a ng'ombe ndi nkhuku

Kulemera kwa chipale sikudziwika ndi kuya kwake kokha. Chouma chongogwa kumene chimalemera makilogalamu 50 mpaka 100 pa kiyubiki mita, koma chotsendereka ndi mphepo kapena chonyowa chikhoza kufika 300 mpaka 400, ndipo madzi oundana amapitirira 900. Yang'anani mbali ya denga yobisika kumphepo, denga lalifupi lolumikizidwa ku lalitali, ndi pamene madenga awiri akumana, chifukwa m'pamene chimaunjikana. Mitanda yopindika, kulira kwa matabwa ndi zitseko zimene zayamba kukakamira ndi zizindikiro zoti mutulutse anthu ndi ziweto kaye. Gwetsani chipale muli pansi pogwiritsa ntchito chokokera cha mpini wautali, mosamala ndi nthambo za magetsi, ndipo chotsani pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri mosinthanasinthana kuti denga lisalemere mbali imodzi. Pamalata chipale chimatha kutsetsereka chonse nthawi imodzi, choncho musaime pansi pa chimene mukukoka. Kukwera padenga kusiyidwe kwa amene ali ndi zingwe zodzitetezera.

Khola lisatsekedwe ndi cholinga choti lifunde. Mpweya wa ziweto uli ndi chinyezi chambiri, ndipo ukasowa potulukira umanyowetsa ubweya ndi kuyambitsa chibayo, makamaka kwa ana a ng'ombe. Chisanu choyera chomata kudenga mkati mwa khola ndi fungo loluma m'maso zikusonyeza kuti mpweya sukuyenda. Chofunika ndi kutseka mphepo yoomba pamlingo wa nyama, pamwamba n'kusiya potseguka. Mapesi a mwana wa ng'ombe akhale ochuluka moti akagona miyendo yake isaoneke, ndipo muyese pogwada pamenepo, mawondo akanyowa muwonjezere. Mwana wobadwa kukuzizira kwambiri apukutidwe msanga, makamaka makutu ndi mchira zimene zimaundana koyamba, ndipo amwe mkaka woyamba wachikasu uja m'maola oyambirira. Nyali zotenthetsera zimangiriridwe ndi tcheni kutali ndi mapesi. Ng'ombe zokamidwa zisatulutsidwe pamphepo nsonga za mawere zili zonyowa.

Nkhuku zimapirira kuzizira ngati khola ndi louma, ndipo mtanda wogonapo ukhale wotambalala kuti nthenga ziphimbe zala. Mazira atoledwe kangapo patsiku chifukwa amaundana n'kung'aluka, ndipo amene akufuna kuti nkhuku zipitirize kuikira aziyatsa nyali kuti kuwala kukwane maola pafupifupi 14.

Chipale chikayamba kusungunuka

Chakumapeto kwa Malichi masana kumasungunuka ndipo usiku kumaundananso, choncho mchenga umafunika kuposa mu Januwale. Fukulani pakamwa pa makalavati amene munaika timitengo aja, tsegulani timigula totulutsa madzi kuchoka pamakomo, ndipo sendezani milu imene ili pafupi ndi makola isanayambe kuchucha, makamaka imene yasakanikirana ndi ndowe, kuti madzi ake asalowe kuchitsime kapena kumtsinje. Ku Manitoba lamulo limaletsa kumwaza manyowa m'minda kuyambira pa 10 Novembala mpaka pa 10 Epulo, chifukwa nthaka youndana simwa kanthu ndipo zonse zimakokoloka. Makina oulutsira chipale musawachotse pathirakitala msanga. Kumayambiriro kwa Epulo 1997 chimphepo chinagwetsa chipale cha masentimita pafupifupi 48 ku Winnipeg, ndipo patangopita milungu yochepa mtsinje wa Red unasefukira n'kumiza mafamu ambiri a m'chigwa chake. Ngati famu yanu ili m'malo otsika, samutsani mabelo, mafuta ndi ziweto zipite pokwera nthaka idakali yolimba, thirakitala isanayambe kutitimira m'matope.